"Mumapemphera mphakati uti?" Funso limene limatsegula zitseko pa parishi

Munthu akasamukira ku Dedza kapena ku Ntcheu, kaya ndi mphunzitsi amene amutumiza ku sukulu ya kumudzi, kaya namwino, kaya mkamwini amene watsatira akazi ake, ngati ali mkatolika amayamba wafunsa kumene kuli tchalitchi ndi nthawi imene Misa imayamba. Akachipeza amapita Lamulungu lililonse, kukhala pa benchi la kumbuyo, kuponya chopereka, kulandira Ukaristia, n'kubwerera kunyumba. Miyezi imatha, iyeyo mumtima akudziwerenga kuti ndi mkhristu wa pamenepo. Ndiye kunyumba kwabadwa mwana, wanyamuka ulendo wa ku ofesi ya parishi kukalembetsa ubatizo. Akatekisiti asanatsegule n'komwe buku amamuyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, mumapemphera mphakati uti?"

Ena funsoli limawapsetsa mtima. "Kodi simundiona m'tchalitchimu?" Kumuona amamuona ndithu, mwinanso malaya ake amawadziwa. Koma mu Mpingo wa Katolika kuno kwathu munthu sadziwika ndi benchi limene amakhalapo Lamulungu. Amadziwika ndi anthu amene amakumana nawo pakhonde la mnansi wake, amene angachitire umboni kuti uyu timapemphera naye, kumatenda timayenda naye, pamaliro timagona naye. Chifukwa chake chagona pa mmene parishi inayalidwira.

Tikati parishi, ambiri amaganiza za tchalitchi chachikulu chija chili pafupi ndi nyumba ya ansembe. Parishi ndi dera, ndipo aliyense wa Katolika wokhala m'deralo ndi wa parishi imeneyo. Dayosizi ya Dedza, imene tchalitchi chake chachikulu chili ku Bembeke ndipo kuyambira mu 2021 akuitsogolera ndi Ambuye Peter Chifukwa, imatenga maboma a Dedza ndi Ntcheu ndi chigawo china cha Salima. M'kati mwake muli maparishi monga Mua, Mtakataka, Kasina, Mtendere, Bembeke, Nzama, Nsipe, Tsangano, Ganya ndi Sharpevale. Aliyense wodziwa dera lino aona yekha kuti ndi malo otambalala: kuchokera kumapiri kozizira kolima mbatatesi mpaka kuchigwa kotentha kufupi ndi nyanja. Parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi aang'onoang'ono ambiri otchedwa nthambi, koma ansembe ndi awiri kapena atatu, penanso mmodzi. Sangafike ponseponse Lamulungu lililonse, makamaka dzinja misewu ikaterera ndi mitsinje ikadzaza. Choncho ku nthambi zambiri, masabata ambiri, kumachitika mapemphero opanda wansembe, otsogoleredwa ndi akatekisiti kapena atsogoleri a pa nthambipo. Pansi pa nthambi ndiye pali miphakati: mabanja oyandikana, ochepa bwino moti akhoza kukwana pabwalo la nyumba imodzi. Mphakati uliwonse umatenga dzina la woyera, uwu wa Kizito Woyera, uwo wa Tereza Woyera. Anzathu a kumwera amautcha limana, koma chinthu chake n'chimodzi.

Wansembe sangadziwe akhristu onse a parishi yotere. Pamene akufunsa za mphakati, ndiye kuti akufunsa maso ndi makutu ake.

Sizinayambe choncho. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, kwa mfumu Njobvuyalema, ndi a White Fathers atakhazikika ku Mua mu 1902 kenaka ku Bembeke mu 1910, moyo wonse wa Mpingo unkazungulira pamishoni. Sukulu inali pamishoni, mankhwala pamishoni, ndalama zomangira zinkachokera ku Ulaya, ndipo chilichonse chinkadikira "abambo". Mkhristu ntchito yake inali kumvera, kuloweza katekisimu ndi kuyenda mtunda kupita ku Misa pa zikondwerero zazikulu. Ngakhale Dedza atapatsidwa mtsogoleri wakuda, Ambuye Cornelius Chitsulo a ku Mua, amene anali wansembe woyamba wa dziko lino mu 1937 ndi episkopi woyamba wa dziko lino mu 1957, kaganizidwe ka anthu kanali kakuti Mpingo ndi wa ansembe ndi asisteri, enafe timangopitako.

Zinthu zinatembenuka pambuyo pa msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse wa Vatican II, wa 1962 mpaka 1965, umene unatsindika kuti aliyense wobatizidwa ali ndi gawo pa ntchito ya Mpingo. Maepiskopi a kuvuma kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anakambirana za timagulu ta akhristu m'midzi mu 1973, ndipo mu 1976 anagwirizana kuti imeneyi ndiyo ikhale njira yotsogola yoyendetsera Mpingo m'maiko awo. Kuno kwathu amene anaigwira mwamphamvu nkhaniyi ndi mwana winanso wa ku Mua, Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Pa sinodi yaing'ono ya dayosizi yawo, kuyambira 1973 mpaka 1975, anakhazikitsa miphakati ndi mfundo yakuti Mpingo uzidzitumikira wokha, uzidzifalitsa wokha, uzidzidalira pa chuma. Mawu aja timangowanena lero mwachizolowezi, akuti Mpingo ndife tonse, anazika mizu nthawi imeneyo. Boma la chipani chimodzi silinakondwere kuona anthu akukumana m'timagulu m'midzi, kusankha atsogoleri awoawo ndi kukambirana za moyo wawo popanda wa chipani. Mu 1976 Ambuye Kalilombe anachoka m'dziko muno ndipo anakhala kunja zaka zambiri. Ndimakumbukira zimenezi ndikamva wina akuti kumphakati n'kotopetsa, n'kwa azimayi okalamba. Kamsonkhano komweko ka pamphasa kanasowetsa tulo anthu aakuluakulu.

Nanga kumphakati kumachitika chiyani? Anthu amakumana tsiku limene anapangana, ena Lamulungu masana, ena mkati mwa sabata, ndipo kawirikawiri amasinthana nyumba: lero kwa awa, ulendo wina kwa awo. Kusinthanaku kuli ndi nzeru yake, chifukwa pakutha pa chaka aliyense amakhala ataona mmene mnzake akukhalira, denga lodontha, gogo amene sakudzuka, mwana amene wasiya sukulu. Amayamba ndi nyimbo ndi pemphero, kenaka kuwerenga Mawu a Mulungu, nthawi zambiri Mthenga Wabwino wa Lamulungu. Miphakati yambiri imatsata njira ya masitepe 7 yochokera ku Lumko, malo a maphunziro a Mpingo ku South Africa: kuitana Ambuye, kuwerenga mawu, kutolamo liwu limene lakukhudza, kukhala chete, kugawana zimene wamva mumtima, kukambirana ntchito yoti gulu lichite, ndi kupempherera limodzi. Cholinga si ulaliki. Pamene njirayi ikuyenda bwino, mayi amene sadziwa kuwerenga amalankhula mofanana ndi mphunzitsi wamkulu. Pamene yasokonekera, bambo mmodzi wodziwa mavesi amalalikira mpaka dzuwa kupendeka, ena akuwodzera. M'mwezi wa May ndi wa October kumakhala kolona, pa Lenti Njira ya Mtanda.

Mapemphero akatha m'pamene pamabwera zimene zimaupanga mphakati kukhala mphakati. Ndani akudwala, ndipo apita ndani kukamuona? Kodi pakufunika kuitana wansembe kuti akamudzoze? Sabata ino ndi yathu yosesa ndi kukolopa m'tchalitchi, abwera ndani? Lamulungu likudzali owerenga mawu ndi opereka mphatso achokera kwa ife, tisonkha chiyani? Miphakati imasinthananso potumiza chakudya ku nyumba ya ansembe: ufa, nyemba, nkhuku, mbatatesi kwa amene amalima. Pali wapampando, mlembi, msungichuma ndi ena oyang'anira chiphunzitso, maukwati, achinyamata, odwala. Onsewa ndi ongodzipereka, salandira kanthu.

Kulowa n'kosavuta kuposa mmene anthu amaopera. Lamulungu Misa ikatha funsani aliyense kuti a kudera lakuti amapemphera mphakati uti, akulozerani wapampando wake. Ngati mwachokera ku parishi ina, tengani khadi lanu la Mpingo ndi kalata yochokera kumene munkapemphera. Amakulandirani pamsonkhano, mlembi n'kulemba dzina lanu ndi a pabanja panu. Zikatero, tsiku limene mudzafune ubatizo wa mwana, Ukaristia woyamba, Ulimbitso kapena ukwati, nkhani imayambira kumeneko: mphakati umakuchitirani umboni, atsogoleri a nthambi amasainira, kenaka zimafika kwa bambo mfumu, wansembe wamkulu wa parishi. Wodumpha makwerero amenewa amabwezedwa, ngakhale atavala tayi.

Pa za mapepala pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachidziwa mochedwa. Buku la ubatizo la parishi imene munabatizidwira ndilo limasunga mbiri yanu moyo wanu wonse. Mukalandira Ulimbitso kwina, kapena kumanga ukwati kwina, uthenga umayenera kubwerera ku parishi ija kuti akalembe pambali pa dzina lanu. N'chifukwa chake mnyamata wobatizidwira ku Tsangano amene akufuna kukwatira ku Lilongwe amamutuma kuti akatenge chikalata chatsopano kwawo: akufuna aone ngati m'bukumo simunalembedwe kale mkazi wina. Dziwani parishi ndi chaka chimene munabatizidwa, makolo akadali moyo oti n'kuwafunsa. Ndipo posankha mboni ya ubatizo wa mwana musangoyang'ana amalume a ndalama. Malamulo a Mpingo amafuna mkatolika wa zaka zosachepera 16, wolandira kale Ulimbitso ndi Ukaristia, wa moyo wogwirizana ndi chikhulupiriro, ndiponso asakhale bambo kapena mayi wa mwanayo.

Tsopano ndalama, pakuti apa m'pamene mitima imawawira. Pali chopereka cha Lamulungu. Pali mtulo, umene mkhristu wamkulu aliyense amayenera kupereka ndipo umalembedwa pa khadi. Pali masika, pamene anthu akakolola amapereka chimanga, mtedza, nyemba kapena ndalama. Pali zopereka zapadera za Mpingo wonse, monga za Lamulungu la utumiki mu October ndi za Lachisanu Loyera, kuwonjezera apo zosonkha za seminale, za chitukuko cha tchalitchi, za alendo. Wobwera kumene akhoza kudabwa kuti kodi n'kupemphera kapena n'kumsika. Chifukwa chake n'chomveka: thumba la ku Ulaya limene linamanga Mua ndi Bembeke linaphwa, ansembe ambiri tsopano ndi ana athu omwe, opanda achibale olemera kunja oti aziwatumizira. Mafuta oti wansembe akafike ku nthambi ya kuseri kwa phiri, vinyo ndi mikate ya pa Misa, kachithokozo ka akatekisiti, malata a tchalitchi, zonsezi zimachokera m'manja mwa akhristu eni ake. Kudzidalira kuja kunali ndi mtengo wake.

Koma ndinene mosapsatira mawu kuti miphakati ina inasanduka maofesi a msonkho. Kugawana mawu mphindi zochepa, kuwerenga maina a angongole ola lathunthu. Mayi wamasiye amene chaka chino sanakolole amayamba kujomba chifukwa cha manyazi, ndipo amene amafunika mphakati koposa onse ndiye woyamba kuuthawa. Atsogoleri otere ayenera kukumbutsidwa kuti malamulo a Mpingo a 1983 amanena poyera, pa nambala 848, kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo, ndipo pa nambala 1181 amanenanso chimodzimodzi za mwambo wa maliro. Malamulo omwewo, pa nambala 537, amalamula kuti parishi iliyonse ikhale ndi bungwe loona za chuma. Choncho kufunsa kuti masika a chaka chatha anagwira ntchito yanji si mwano. Wopereka ali ndi pakamwa. Kungoti funsolo limamveka bwino likachokera kwa munthu amene anasenza nawo matumbawo.

Kupatula mphakati pali mabungwe, ndipo awiriwa anthu amawasokoneza. Mphakati uli ngati mudzi: susankha, umalowa wa kumene ukukhala, ndipo umapezamo amene mumagwirizana ndi amene munakanganirana malire a munda. Bungwe ndiye umasankha wekha malinga ndi mtima wako. Pali bungwe la amayi a Chikatolika ndi la abambo, la Legio ya Maria imene inayambira ku Dublin mu 1921 ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuyendera anthu m'makomo, a Mtima Woyera wa Yesu, a Chifundo cha Mulungu, achinyamata a YCS m'sukulu ndi a YCW apantchito, a Chilungamo ndi Mtendere kwa amene nkhani za malo, nkhanza za m'banja ndi ufulu wa anthu zimawakhudza. Pali makwaya, amene kunena zoona ndiwo amakoka achinyamata ambiri kuposa ulaliki uliwonse. Ana amayambira ku Tilitonse, gulu lawo lophunziriramo chikhristu, ena n'kukhala otumikira pa guwa. Aphunzitsi a Tilitonse amasowa pafupifupi paliponse, ndiye ngati mumatha kucheza ndi ana musadikire kuti akupempheni kawiri.

Langizo langa kwa wobwera kumene n'lakuti ayambe wakhazikika kumphakati, bungwe lidze pambuyo, ndipo likhale limodzi. Yunifolomu imakoma, maulendo a kwaya amasangalatsa, koma alipo anthu amene ali m'mabungwe anayi pamene kumphakati kwawo sadziwika nkhope.

Za abambo ndisachite kubisa: kumphakati amasowa. Mukapeza anthu 20 pamphasa, abambo mwina ndi atatu, ndipo mmodzi mwa iwo ndiye wapampando. Zifukwa amapereka zambiri, kudimba, kumsika, geni ya pamsewu, koma chenicheni n'chakuti ambiri amaona ngati kutuma akazi awo ndi khadi n'kokwanira. Kuno kumene amuna ambiri ndi akamwini palinso kena: bambo amadziona mlendo pamudzi wa akazi ake ndipo nkhani za pamudzipo amazisiyira eni. Komatu kumphakati ndi kumodzi mwa malo ochepa kumene mkamwini amalankhula ngati mwini, popanda womufunsa kuti kwanu n'kuti.

Ena amadzipatula okha chifukwa salandira masakramenti. Mwina ukwati wawo unathera kwa ankhoswe osafika kutchalitchi, mwina ali pamitala, mwina pali nkhani ya kudambwe, imene kuno ku Dedza Mpingo ndi eni mwambo akhala akukokanakokana kuyambira masiku a amishoni oyamba. (Ku Mua komweko, kumene mkangano wa amishoni ndi gule unali woopsa, n'kumenenso bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, osunga ndi kufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.) Kusalandira Ukaristia sikuchotsa munthu mu Mpingo. Akhoza kupemphera nawo kumphakati, kuyendera odwala, kugwira ntchito zonse za chifundo, ngakhale maudindo ena sangapatsidwe. Ndipo njira yobwerera imadzera komweko. Kudalitsa ukwati kumafuna ankhoswe a mbali zonse, maphunziro a banja, kulengeza m'tchalitchi kuti wodziwa chopinga anene, ndi mboni ziwiri. Holo, galimoto zamaluwa ndi pelekanipelekani si lamulo la Mpingo. Maparishi ambiri amakonza tsiku limene mabanja angapo amadalitsira pamodzi, ndipo agogo a zidzukulu amalowa m'tchalitchi atagwirana manja anthu akululutira.

Amene sanabatizidwe amalowa kalasi la akatekumeni. A White Fathers ankaphunzitsa munthu zaka 4 asanamubatize. Lero nthawi yake imatsata dongosolo la dayosizi, koma sichinthu cha mwezi umodzi, ndipo akuluakulu kawirikawiri amabatizidwa pa Pasaka. Wochokera ku mpingo wina umene ubatizo wake Akatolika amauvomereza sabatizidwanso, amangophunzira n'kulandiridwa.

Mukakhalitsa, tsiku lina adzakusankhani. Maudindo amakwera kuchokera kumphakati kupita ku bungwe la nthambi mpaka ku bungwe la parishi, ndipo amakhala a nyengo yoikika, pakatha zaka zingapo kumachitika zisankho. Dziwiranitu kuti bungwe la parishi ndi lolangiza, mawu otsiriza ndi a bambo mfumu. Ena zimawakhumudwitsa akazindikira zimenezi. Koma wansembe wanzeru sachita zinthu motsutsana ndi bungwe lake popanda chifukwa chachikulu, podziwa kuti njerwa adzaumba ndi anthu omwewo. Komanso ansembe amasinthidwa ndi Ambuye Episkopi, lero ali ku Nsipe, mawa ku Kasina. Otsala pamalopo ndi akhristu, ndi mabuku awo a maina, ndi ngongole ya simenti imene anasiya bambo mfumu wakale.

Mphamvu ya mphakati imaonekera pamaliro. Uthenga ukangomveka, amayi amafika ndi nkhuni ndi ufa m'timabeseni, amuna amakoleza moto panja, ndipo nyimbo zimayamba, kusinthana ndi kolona mpaka mbandakucha, ngakhale mu June chisanu cha ku Dedza chikulowa m'mafupa. Wansembe akhoza kubwera kapena ayi, malinga ndi mtunda ndi ntchito, koma mwambo wonse atsogoleri amautha: mapemphero a panyumba, a panjira, a kumanda. Apa m'pamenenso pamabuka milandu yowawa. Mwana wa pamudzi amene anakhala zaka ku Blantyre kapena ku Johannesburg wabwera m'bokosi, abale akufuna Mpingo uyimbe, atsogoleri akufunsa kuti kumeneko ankapemphera kuti, kalata ili kuti. Abale amaona nkhanza, atsogoleri amati sitingachitire umboni munthu amene sitikumudziwa. Nthawi zambiri amamvana, wina amaimba foni ku parishi ya kutauni, kapena nkhani imapita kwa bambo mfumu. Koma kukambirana kotere kumachitika mtembo uli m'nyumba, anamfedwa akumva, adzukulu atatsiriza kale kukumba ndipo akudikira kumanda.